Mawu Atatu M'mimba mwa Chimvera

Kalekale, milatho isanabwere m'dziko muno, kunali mtsinje wotchedwa Nameza. Dzinalo silinali lamasewera. Mtsinjewu unkadya anthu chaka ndi chaka, osasankha kuti uyu ndi wamkulu, uyu ndi khanda. Choipa chake chinali chakuti midzi inali tsidya lino, koma msika, minda yachonde ndi sing'anga zinali tsidya lina. Munthu ankayenera kuwoloka, afune asafune.

Dooko la pamtsinjepo linali la mbumba ya mayi wina wokalamba, Nasoko. Mayiyu anali ndi mwana wamkazi dzina lake Sungeni, ndipo Sungeni anakwatiwa ndi Kachingwe, mwamuna wochokera kutali amene anabwera kudzakhala chikamwini. Sungeni anabereka ana anayi. Atatu anawaika m'manda asanamere ndi mano omwe, n'kutsala ndi mmodzi yekha, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kotchedwa Tionenji. Mwana ameneyu akatsokomola, mayi ake sankadya tsiku limenelo. Akachedwa kumasewera, Sungeni ankazungulira mudzi wonse nsalu ili m'manja. Anthu ankamuseka kuti akulera dzira, iye n'kumayankha kuti amene sanaikepo mwana aseke ndithu.

Wopalasa bwato padookopo anali mlongo wake wa Sungeni. Chaka china, mvula ili pakati, bwato linamira ndi anthu khumi ndi awiri, ndipo wopalasayo anapita nawo. Anthu atatu a pakhomo paja analira maliro amodzi, koma aliyense anali ndi chifukwa chakechake. Nasoko ankati mwana wake anaphedwa ndi chinsinsi: bwato linali ndi mng'alu, wopalasayo ankadziwa, koma anakhala chete kuopa kuti anthu angathawe dooko. Kachingwe ankati chinamiza bwato ndi kukondera: linali litadzaza kale, koma wopalasa anabwerera kudzatenga abale ake awiri amene anachedwa. Sungeni, amene anaona zonse ali pagombe, ankati ayi, chinapha anthu ndi kuuma mtima: msodzi wina anadutsa pafupi ndi bwato lake, anamva kulira, koma anayang'ana kumbali. Onse atatu ankanena zoona.

Chichitikireni zimenezo panalibe mwamuna wofuna kugwira nkhafi. Odwala ankafera pagombe akuyang'ana utsi wa kunyumba ya sing'anga. Ndiye mmisiri wosula zitsulo, Mlangali, anadzitsekera m'chisakasa chake miyezi inayi, ndipo atatuluka anatuluka ndi chinthu chimene maso a anthu anali asanaonepo. Chinali ngati munthu, koma chachitsulo chokhachokha, chachitali kuposa khomo la nyumba, manja ake aakulu ngati makasu. M'mimba mwake munkayaka moto, ndipo pamchombo panali kachitseko. Chinkayenda, chinkaona, chinkayankhula ndi mawu okhala ngati ochokera mumtsuko. Ana ndi amene anachipatsa dzina lakuti Chimvera.

Mlangali anachipereka kwa eni dooko. Anawauza kuti mphamvu chili nazo, ng'ona siingachilume, koma m'mutu mwake mulibe kanthu. Sichidziwa chabwino, sichidziwa choipa, chidziphunzira chokha poona zimene zikuchipindulira. Chikachita bwino, achiponyere khala m'mimba, chifukwa moto ndiwo moyo wake. Chikalakwa, achiwaze madzi. Chikatero chidzayamba chokha kufunafuna njira zopezera khala ndi kupewa madzi, mpaka chidzafika pochita zinthu zimene sanachiuze n'komwe.

"Koma ndikupempha chinthu chimodzi," anatero Mlangali. "Mukachiphunzitse muli pamphasa imodzi, nonse atatu. Chikamva mawu ambiri, tsiku lina mawuwo adzakumana pakhomo lopapatiza. Mugwirizane kuti adzayambe kulowa ndi ati. Musachisiye chidzasankhe chokha."

Onse anavomera ndi mitu. Koma kuvomera n'kosavuta. Kumeneko, monganso kwathu kuno, mkamwini sankayang'anana ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire ngakhale kuli minga. Kukhala pamphasa imodzi ndiye kunali kosatheka n'komwe. Njira yothetsera zimenezi inalipo, ndipo inali yapafupi: mmodzi ankapereka nkhuku, n'kudyera pamodzi pamaso pa akuluakulu, kuyambira pamenepo n'kumayankhulana ngati mayi ndi mwana. Koma Nasoko ankati mkamwini ndiye ayambe, popeza mudzi ndi wake iyeyo. Kachingwe ankati apongozi ndiwo amaitana mkamwini, iye sangakadzipereke yekha ngati galu wopanda mbuye. Zaka khumi zinatha nkhuku za mabanja awiriwa zikungoikira mazira mwamtendere.

Choncho anangogawana tsiku. Nasoko anatenga m'mawa, Kachingwe masana, Sungeni chakumadzulo.

Nasoko anaphunzitsa Chimvera kunena zoona. Ankakhala pachitsa ndi chikho cha madzi mbali ino, lichero la makala mbali inayo, n'kumachifunsa zimene chaona. Chikawonjezera, madzi. Chikachotsera, madzi. Tsiku lina anachifunsa ngati nkhope yake ikadali yokongola, ndipo Chimvera, chimene chinali chitaona kale kuti anthu amakwiya ndi mayankho ena, chinangokhala chete. Nasoko anachithira chikho chonse, n'kuchiuza kuti kukhala chete ndi bodza lomwe, ndipo ndi bodza la mtundu umenewo limene linamudyera mwana. Atachifunsanso, chinamuuza kuti watsala ndi mano awiri ndipo khungu lake lili ngati la kamba. Mayiyo anaseka mpaka misozi, n'kuchipatsa makala atatu.

Kachingwe anachiphunzitsa kusakondera. Munthu uyu anali mlendo pamudzipo, ndipo ankadziwa kuwawa kwa kuyima pamzere n'kumaona abale a eni dooko akukudutsa. Anachiphunzitsa kuti wofika koyamba ndiye amakwera koyamba, kaya wavala mikanda kaya wavala sanza. Anachiphunzitsa kuti bwato likanyamuka lanyamuka. Tsiku lina Sungeni anachedwa popita kumsika, anafuula ali pagombe, ndipo Chimvera chinabwerera kudzamutenga. Kachingwe atamva anatutumuka ndi mkwiyo, poganiza kuti mudzi wonse uziti mkamwini waphunzitsa chitsulo kutumikira mkazi wake. Anatenga mtsuko wathunthu wa madzi n'kukhuthulira m'mimba mwa chitsulocho. Moto unatsala kakhala kamodzi, ndipo Chimvera chinagona pamchenga masiku atatu, chozizira, chosatha kutukula ngakhale chala. Chitadzuka, Kachingwe anachiuza mawu amodzi okha, akuti wa pakhomo pano sabwereredwa, ndipo sanafunikenso kubwereza.

Sungeni anachiphunzitsa chifundo, ndipo ntchito yake ndiyo inali yovuta, chifukwa chifundo sichiloza ndi chala. Ankalowa m'madzi mpaka m'khosi n'kumalira ngati akumira, Chimvera chikamuvuula n'kuchipatsa khala. Chinaphunzira msanga, mwinanso mopitirira. Chitaona kuti kulira kwa munthu kumabweretsa khala, chinayamba kugwedeza bwato dala pakati pa mtsinje kuti amayi akuwe, kenako n'kumawasisita pamsana, n'kubwera kwa Sungeni kachitseko kali kotsegula. Panatha mwezi wathunthu ndi madzi ambiri kuti chisiye khalidwe limenelo. Koma chitasiya, Sungeni anachiyika mawu amene anali pansi pa mtima wake. Anachiuza kuti chikamva munthu akulira m'madzi, chipite, osafunsa kuti ndani. Okwera m'bwato akachiletsa, chisamvere. Anakumbukira nkhope ya msodzi uja ikuyang'ana kumbali, n'kuwonjezera kuti ngakhale woletsayo atakhala iye mwini Sungeni, chisamvere.

Mwa atatuwa, Sungeni yekha ndiye ankaona maphunziro onse, chifukwa ndiye ankayenda pakati pa nyumba ziwirizo. Ankaona kuti chimene amayi ake achipatsira khala m'mawa, nthawi zina mwamuna wake amachithirira madzi masana. Amayi ake akati kamuuze mlendo wakoyo asiye kuumitsa chitsulo mtima, iye ankakanena kuti apongozi anu akuti mukugwira ntchito yabwino. Mwamuna wake akati kawauzeni asiye kuchiphunzitsa mwano, iye ankakanena kuti akamwini anu akupereka moni. Musamuweruze msanga. Mkazi wokhala pakati pa mayi ndi mwamuna amaphunzira kusefa mawu, apo ayi banja silifika chaka.

Tsiku lina chakumadzulo, atatsala awiri padooko, Chimvera chinamufunsa funso, chinthu chimene chinali chisanachitepo.

"Ndili ndi mawu atatu. Aakulu ndi ati?"

Sungeni anayang'ana kumudzi. Akati aakulu ndi ake, amayi ake adzamva. Akati ndi a amayi ake, mwamuna wake adzamanga katundu. Anaseka, n'kuchiuza kuti onse ndi aakulu, n'kuchiponyera khala kuti chisafunsenso. Ndipo sichinafunsenso.

Mvula zitatu zinadutsa popanda munthu ndi mmodzi yemwe kumira padooko la Nasoko. Amasiye ankawoloka patsogolo pa anthu olemera ngati afika koyamba. Chimvera chikati lero madzi ndi oipa, anthu ankabwerera kunyumba osatsutsa. Ana akakangana kuti wapambana ndani pothamanga, ankakachifunsa, ndipo yankho lake linkathetsa mlandu. Tionenji ndiye ankachikonda kuposa onse. Ankachimangira maluwa m'khosi n'kumachifunsa mafunso osatha, chifukwa, monga ankanenera mwiniwake, akuluakulu onse amanamiza ana kupatula Chimvera.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina m'nyengo ya bowa, mtsinje utadzaza mpaka m'mabango, Tionenji anatsatira anzake kuthengo ndipo anaponda mphiri. Dzuwa linali litangokwera pang'ono. Pamene ankafika naye pakhomo, phazi linali litatupa kale, lakuda ngati chikuni chopserera. Kachingwe anali kumunda wakutali. Nasoko, amene miyendo inali itamuthera, anamanga luzi pamwamba pa bondo la mdzukulu wake, n'kuuza Sungeni kuti athamangire kwa sing'anga wa njoka tsidya lina. Anamuchenjeza kuti chachikulu mwanayo asagone, chifukwa wolumidwa ndi mphiri akagona ndiye kuti wapita. Sungeni anabereka mwana wake n'kuliyatsa liwiro.

Anafika padooko bwato litangonyamuka kumene, lili pamene mwala ungafike utauponya. Anakuwa ndi mawu onse. Okwera m'bwato anatembenuka, anaona mwendo wa mwanayo ukulendewera, ndipo onse pamodzi anauza Chimvera kuti chibwerere. Chimvera chinasiya kupalasa. Kenako dzanja limodzi linayamba kukokera kutsogolo, lina kumbuyo, bwato n'kumangozungulira pamodzimodzi, utsi ukutuluka m'mphepete mwa kachitseko kaja. Mapanga awiri avumbwitsa. Mawu a Sungeni ankachiuza kuti wolira sasiyidwa, mawu a Kachingwe ankachiuza kuti uyo ndi wa pakhomo. Panalibe amene anachiuzapo kuti mawu awiriwa akakumana chitani, ndiye chinafufuza chokha m'mimba mwake. Chinapeza kuti wolirayo ali pamtunda, sali m'madzi. Chinapezanso masiku atatu aja a kuzizira.

"Wa pakhomo sabwereredwa," chinatero, n'kulunjika kutsidya.

Mwamuna wina m'bwatomo anayesa kuchilanda nkhafi, koma ndani angalande chinthu m'manja mwa chitsulo? Mtsinje ukadzaza, kupita ndi kubwera kunkatenga nthawi yoti nyemba zouma n'kupsa. Nthawi yonseyo Sungeni anakhala pamchenga mwana ali pamiyendo, akumuyimbira, akumuwaza madzi kumaso, akumufunsa mayina a nkhuku zonse za pakhomo kuti asagone. Tionenji poyamba ankalira, kenako ankangobuula, kenako anasiya. Pamene bwato linkagunda pagombe, kutupa kunali kutadutsa luzi lija.

Anthu ena amene ankadikira anakana kukwera kuti bwato lipepuke. Anakwera Sungeni ndi mwana wake basi. Chimvera chinapalasa ndi mphamvu zake zonse, ndipo kunena zoona panalibe munthu wamoyo akanapalasa choncho. Anafika pakati. Mitengo ya tsidya lina inayamba kuoneka masamba, ndipo mtima wa Sungeni unayamba kubwerera m'malo. Pomwepo anamva mawu ochokera kumunsi. Mwamuna wina, amene madzi anamukokolola kuchokera kumidzi ya kumtunda, anali atakangamira thunthu la nthochi, mutu ukumira n'kutumphuka, akulira ngati mwana. Mphuno ya bwato inatembenuka.

"Chimvera, lunjika kutsidya. Mwana akufa."

"Munthu akulira m'madzi."

"Ndine Sungeni ndikukuuza. Musiye ameneyo."

"Munati ngakhale ndinu ndisamvere."

"Nanga uyu? Uyu si munthu?"

Chimvera chinatembenuza mutu, chinayang'ana mwanayo, chinamvetsera.

"Uyu sakulira."

Zimene anachita Sungeni pamenepo n'zovuta kuzinena, koma ndizinena. Anatsina mwana wake pantchafu ndi zikhadabo zonse, kuti alire, kuti chitsulocho chimve. Anatsinanso mpaka magazi. Tionenji anangotsegula pakamwa, mawu osatuluka. Sungeni analira yekha m'malo mwake, koma Chimvera chinali chitaphunzira kalekale, kwa iye yemweyo, kusiyanitsa kulira kwa womira ndi kulira kwa woletsa. Bwato linatsika ndi madzi, linadutsa mabango, linadutsa pokhota, mpaka dzanja lalikulu lija linagwira mwamunayo pakhosi la malaya n'kumuponya m'bwato. Anasanza madzi, anapuma, anakhala ndi moyo. Dzina lake anali Msosa. Atatsegula maso n'kuona mwanayo ndi nkhope ya mayi ake, anazindikira chimene chachitika, ndipo anakwawira kumapeto kwa bwato n'kubisa nkhope m'mawondo.

Tsopano anali kumunsi kwenikweni, kumene gombe lonse ndi matope ndi mabango, kosatheka kutsika. Chimvera chinayamba kukwera ndi mtsinje chotsatira m'mbali, kulimbana ndi madzi. Dzuwa linali litapendeka. Kutupa kunali kutafika m'chiuno. Sungeni ankagwedeza mwana wake, kumumenya timbama tofewa, kumuuza kuti tafika, uko denga la sing'anga likuoneka, ukamwa mankhwala uchira, mawa lomwe ukasewera ndi anzako. Ndipo mwanayo, ngati nyali ikamatha mafuta, anayaka pang'ono. Anatsegula maso, anayang'ana mayi ake, kenako anayang'ana msana wachitsulo umene unali patsogolo pake.

"Amayi, inu mumanena choncho nthawi zonse," anatero motsitsa. "Iwe Chimvera, kodi ndichira?"

Sungeni anagwira mwendo wa chitsulocho. Anachinong'oneza kuti chinene inde. Anachipempha m'dzina la makala onse amene anachipatsapo. Anati ngati inde ikuchivuta, chingokhala chete, chipalase basi, kwatsala pang'ono. Chimvera chinapalasa kamodzi, kawiri, katatu, osayankha, ndipo moto m'mimba mwake unkamveka kuthetheka. Chifundo chinalimo, inu musakayike. Koma chifundo chimene chinaphunzira chinali cha manja, chovuula anthu. Cha pakamwa panalibe anachiphunzitsa, ndipo pakamwa panali pa Nasoko, amene anati kukhala chete ndi bodza lomwe.

"Ndawolotsapo anthu asanu ndi mmodzi amene kutupa kunawafika pamenepo," chinatero. "Onse ndinawabweza atakulungidwa mumphasa."

Mwanayo sanalire, sanaope. Anangopumira m'mwamba ngati munthu amene amulandira katundu.

"Ndiye ndigoneko pang'ono, amayi. Ndatopa."

Sungeni anamuyitana ndi dzina lake, ndi dzina lake laukhanda, ndi mayina a ana atatu aja. Anamutsegula zikope ndi zala. Anali akumugwedezabe pamene bwato linagunda dooko la tsidya lina, pomwe sing'anga, amene anali atamva kale kwa owoloka oyamba aja, ankadikira ndi nsupa yake m'manja. Mkuluyo anagwira pachifuwa pa mwanayo, anayika khutu, kenako anabweza nsupa m'thumba. Anati thupi likadali lofunda. Anati akanafika naye ali maso akanayesa, ndipo anabwereza kuti sakunena kuti akanamuchiza, akungoti akanayesa.

Chimvera chinabweza mtembo mosamala, osalola ngakhale dontho limodzi kugwera pansalu. Padooko panali patadzaza anthu. Nasoko anthu anali atamunyamulira pomwepo, ndipo Kachingwe anali atafika kuchokera kumunda, atayima patali, nkhope itayang'ana kwina monga mwa mwambo. Chitatsitsa mwanayo, Chimvera chinapita kwa Kachingwe n'kutsegula kachitseko kake. Chinapita kwa Nasoko n'kutsegula. Chinabwera kwa Sungeni n'kutsegula, n'kuyima pamenepo kudikira. Pa zonse zimene chinaphunzitsidwa, sichinalakwitse ngakhale chimodzi tsiku limenelo.

Maliro atayikidwa, Sungeni anatenga nkhwangwa n'kulunjika kudooko. Amuna anayi ndi amene anamugwira. Sanamugwire chifukwa chokonda chitsulo. Mtsinje unali ukadali wodzaza, mvula inali isanathe, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo wokonzeka kugwira nkhafi. Anaitana Mlangali kuti adzakonze chimene anapanga.

Mlangali anabwera ndi mvukuto ndi nyundo zake, n'kukoleza moto pamchenga pomwepo. Atatsegula chifuwa cha Chimvera, anthu anaona mitsempha itatu yachitsulo, yofanana kukula, iliyonse itamera payokha, osakhudzana. Ena anamupempha kuti angoyisanja, wina ukhale pamwamba, wina pansi. Iye anapukusa mutu. Anati zimenezo zinkatheka chitsulo chikadali chanthete, pano chakhwima. Chimene angathe ndi kuwotcha mtsempha umodzi n'kuuphwanya, kuti mawu amodzi aiwalike, atsale awiri. Kuphwanya iwiri, chifuwa chonse ching'aluka. Kusiya itatu, zimene zachitikazi zidzachitikanso. Ndipo anati iye sasankha, chifukwa mawuwo si ake. Anapereka nyundo kwa Sungeni, popeza wafedwa ndi iyeyo.

Panalibe amene anatchula, koma aliyense pamchengapo ankadziwa kuti mwini wa mawu ophwanyidwawo ndiye adzatchedwe wopha mwana mpaka tsiku la imfa yake.

Kachingwe anayankhula akuyang'ana kumtsinje. Anati sakukana, mawu ake ndiwo anayamba kudya nthawi, ndipo mtsuko uja adzaulota mpaka kufa. Koma anati aphwanye mtsempha wake aone. Bwato lidzayamba kubwerera aliyense wodziwika, lidzadzaza kupitirira muyeso monga linadzazira kale, ndipo wamasiye wopanda dzina adzakhala pagombe dzuwa lonse ndi mwana wodwala, akuona ena akumudutsa. Amayi angapo osauka amene anali kumbuyo anavomereza motsitsa.

Nasoko sanapemphe chifundo kwa munthu. Anati mdzukulu wake anafunsa funso ndipo anayankhidwa, ndipo pa anthu onse amene anamuzungulira tsiku limenelo, chitsulo chokha ndicho sichinamunyoze.  Kenako anati akaphwanya mtsempha wake, tsiku limene Chimvera chidzati bwato lili bwino, ndani adzakwere ndi mtima umodzi? Iye anayikapo kale mwana chifukwa cha wopalasa wodziwa kukhala chete, ndipo sakufuna kuti mayi wina adzalawe zomwezo.

Mawu a Sungeni panalibe anawayankhulira. Koma Msosa, mwamuna wovuulidwa uja, anali atabwera kumaliro ndi mkazi wake ndi ana ake asanu, wamng'ono ali kumsana. Anawayimika pamzere patsogolo pa Sungeni, iye n'kugwada pansi.

"Mayi, ine ndilibe mawu," anatero. "Ndangobwera nawo kuti muwaone."

Sungeni anawaona. Ankawada ana amenewo, ndipo ankadziwa kuti alibe mlandu. Akaphwanya chifundo, wotsatira wokangamira thunthu la nthochi adzaona msana wachitsulo ukumudutsa, ndipo iye Sungeni adzakhala atasula ndi manja ake msodzi yemwe uja amene anasiya mlongo wake. Akaphwanya mawu a mwamuna wake, mwamunayo sadzagonanso m'mudzimo, ndipo ndiye munthu yekhayo padziko amene anamukonda Tionenji monga iye. Akaphwanya mawu a amayi ake, adzakhala atawatuma kumanda ndi dzina loipa. Ndipo panali chinanso chimene ankachidziwa iye yekha ndi chitsulocho: kuti chinamufunsapo kuti mawu aakulu ndi ati, iye n'kuseka. Mtsempha wa choonadi ukatsala, tsiku lina wina adzachifunsa ngati panalibe amene akanaletsa zimenezi, ndipo chidzatchula dzina lake pamaso pa mudzi wonse. Ukaphwanyidwa, nkhaniyo yafera pomwepo. Chifukwa cha chimenechi, mtsempha umenewo ndi umene ankaufuna kwambiri, ndipo ndi umene ankauopa kuukhudza.

Mlangali anapopa mvukuto mpaka mitsempha yonse itatu inafiira. Cha kumunsi kwa dooko kunayamba kumveka mfuu. Anthu anali atatsitsa machira a wodwala pagombe, ndipo mayi wina ankagwedeza nsalu m'mwamba, kuitana bwato. Mlangali anauza Sungeni kuti chitsulo sichidikira, chikazizira ndiye kuti basi. Sungeni anatukula nyundo ndi manja awiri.

Ine nkhani yanga ndayitula pomwepa, nyundo ili m'mwamba, chifukwa amene anandiuza sanandiuze pamene inagwera. Tsopano mlandu uli m'manja mwanu, inu amene mawa muyenera kukwera bwato lomwelo ndi ana anu. Sungeni aphwanye mtsempha uti: wa kusakondera, wa choonadi, kapena wa chifundo? Ndipo Tionenji anamupha ndani: mmodzi mwa aphunzitsi atatuwo, chitsulo chimene chinawamvera onse, kapena mayi amene anafunsidwa kuti mawu aakulu ndi ati, iye n'kuseka?